Musakaphunzirire njinga yamoto kudziko la eni

A Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzi yathuyi ndilankhuleko ndi abale anga Amalawi amene masiku ano akumapita kutchuthi kunja kwa dziko lino, n'kukafika uko kupanga hayala njinga yamoto yoti azizungulirapo. Ine ndine makanika wa njinga zamoto pano pa Kamuzu Road ku Salima, ntchito yanga ndi yomweyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ma Lifo ndi ma Boxer a anyamata a kabaza amadutsa m'manja mwangamu tsiku ndi tsiku, ena atapindika foloko ena atasweka magalasi, nde ndikamaona zithunzi zimene anthu akuyika pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook, munthu ali pa sikuta ku Zanzibar, kumutu kulibe kanthu, kuphazi patapata, mayi akunyumba akwera kumbuyo cham'mbali foni ili m'mwamba akujambula vidiyo, mtima wanga umangoti myuu. Anzawo amalemba m'munsimo kuti mukunjoya, tibweretsereni mphatso. Palibe olo mmodzi wofunsa kuti kodi chipewa chili kuti.

Sikuti ndikudana ndi zoti anthu aziyenda ayi. Yendani, dziko ndi lalikulu. Amene amakapikula katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena kukatenga galimoto kudoko, ambiri akumati tikamaliza tiwoloke kaye pa boti, maola awiri okha tili pa Stone Town ku Zanzibar. Ena ndi a m'mabungwe awa amapita kumisonkhano ku Mombasa, ku Kigali, mpaka ku Bangkok, msonkhano ukatha n'kuwonjezerapo masiku awo. Ena ndi ana athu a sukulu ku India ndi ku China, ena ndi angokwatirana kumene. Ndipo ndikumvetsa chimene chimakopa, takisi ya alendo m'malo amenewa ndi yodula kwambiri pamene sikuta ya tsiku lonse mtengo wake umaoneka wochepa, umaima pamene wafuna, umalowa tinjira timene galimoto singalowe. Vuto ndi loti wobwereketsayo amangofuna ndalama yake, sakufunsani ngati munayendetsapo, amakuonetsani poyatsira ndi pothira petulo basi, mphindi zochepa muli pamsewu wa dziko limene simukulidziwa.

Mwana wa achemwali anga zinamuonekera ku Zanzibar komweko. Ndi mnyamata woti pano pa Salima amatha kutenga Lifo kupita ku Senga Bay n'kubwerako bwinobwino, magiya amawadziwa, nde iye ankaona kuti sikuta ndi chidole. Anachoka mtauni kulowera kumpoto ku Nungwi, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, mnzake ali kumbuyo. Atafika pokhota pena pomwe panali mchenga pamwamba pa tala, anafuna kuchepetsa liwiro ngati mmene amachitira kuno, dzanja lamanzere linafinya chogwirira kuti agwetse giya. Apa mpomwe ndikufuna owerenga amvetsetse. Pa njinga zathu za magiyazi chogwirira chakumanzere ndi kilachi, buleki yakumbuyo ili kuphazi lamanja. Pa sikuta kulibe kilachi, kulibe magiya osintha ndi phazi, chogwirira chakumanzerecho ndi buleki yakumbuyo. Ndiye munthu amene dzanja lake linazolowera kufinya kilachi mpaka kumapeto amamanga tayala lakumbuyo kamodzin'kamodzi, pamchenga tayala limangoseseleka, njinga n'kugona. Zinatero. Fupa la paphewa linathyoka, ekizozi inamuwotcha katumba mpaka khungu kusupuka, mnzakeyo anakumbudzuka zigongono ndi mawondo. Foni imene anandiimbira usiku umenewo mawu ake anali akuti amalume ndagwa, ndipo pasipoti ili ndi mwini njinga.

Matayala a sikuta ndi aang'ono kuyerekeza ndi a Boxer, izi anthu saziganizira. Tayala laling'ono likalowa pa dzenje limalowa lonse, likakumana ndi mchenga kapena miyala ya gelevulo silikhululuka, ndipo kulemera kwa injini kuli kumbuyo nde kutsogolo kumapepuka makamaka mukanyamulana awiri. Komanso palibe thanki yoti muyipane ndi mawondo. Munthu wodziwa njinga amafunika kuyizolowera kaye pamalo opanda magalimoto, kuima n'kunyamuka, kuima n'kunyamuka, mpaka manja aiwale za kilachi. Nanga tsono amene sanagwirepo njinga yamoto chibadwire, wangozolowera chiwongolero cha galimoto yake ku Area 47, akaphunzire tsiku lomwelo pakati pa ma daladala ndi ma bodaboda, maminibasi ndi akabaza a kumeneko? Woyamba kumene akachita mantha amakanirira chogwirira chakumanja, chomwenso ndi moto, njinga m'malo moima imalumpha kupita kutsogolo. Ndaziona ndi maso angawa panja pa shedi yanga pomwe, munthu kukagunda mpanda wa eni ake ali chikanirire.

Tsono nkhani ya layisensi. Ambiri amaganiza kuti poti ali ndi Code B ndiye kuti chilichonse chokhala ndi injini angayendetse. Ayi ndithu. B ndi ya galimoto yaing'ono. Njinga yamoto ili ndi zake, A1 ya njinga zosapitirira 125cc ndi A ya zazikulu. Khadi lathu la layisensi ndi la mtundu wa SADC ndipo m'mayiko a SADC limadziwika, koma wapolisi wa kumeneko amawerenga makodi omwewo, akaona B yokha inu muli pa njinga ndiye kuti mukuyendetsa opanda chiphaso, palibe kukambirana. Ku Zanzibar kulinso kachiphaso kena ka kanthawi kamene mlendo amayenera kukhala nako, obwereketsa olongosoka amakukonzerani okha potengera layisensi yanu, ndipo malo otchingira msewu a polisi ndi ambiri pachilumbapo, amakafunsa. Wobwereketsa amene akuti osadandaula za mapepala, ameneyo musiyeni, chifukwa pa roadblock padzakhala inu, iye ali kunyumba kwake.

Kutali monga ku Thailand ndi ku Indonesia amafuna International Driving Permit, kabuku kotanthauzira layisensi yanu kamene mumatenga kwanu musananyamuke. Kabukuka sikawonjezera kanthu, kamangosonyeza makodi amene muli nawo kale, ngati mulibe A simudzakhalanso chidindo cha njinga. Ndipo timabuku timeneti tili mitundu, pali ka pangano la ku Geneva la 1949 ndi ka pangano la ku Vienna la 1968, dziko ngati Vietnam limavomereza ka 1968 kokha. Izi ndi zofunsiratu muli konkuno, osati mutagwidwa kale.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani ya layisensiyi si chindapusa cha apolisi ayi, chindapusa munthu amalipira n'kupita. Ndi inshulansi. Anthu amagula inshulansi ya paulendo chifukwa choti viza yafuna kapena bwana wa kuntchito wagula, n'kuyika pepalalo m'chikwama osawerenga. Mukawerenga timalemba tating'onoting'ono tija mupeza kuti makampani ambiri amakana kulipira ngozi ya njinga yamoto ngati woyendetsa analibe layisensi ya njinga, ngati sanavale chipewa, ngati anamwa mowa, enanso amaika malire pa kukula kwa injini, kawirikawiri 125cc, mukakwera yoposa apo ndi zanu. Ena saikamo n'komwe njinga yamoto pokhapokha mutawonjezera ndalama. Ndiye munthu wagona m'chipatala cha pulayiveti kudziko la eni, bilu ikuwerengedwa m'madola, kampani yakana, zonse zimabwerera kumudzi. Ife a pabanja tinasonkherana makwacha, koma mukudziwa nokha mmene kwacha ilili chigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza m'mabanki mwathumu. Ndalama imene mnyamata uja anatenga yoti akapikulire katundu inathera kuchipatala ndi kwa mwini njinga, anabwera chimanjamanja dzanja lili m'khosi. Ndipo iyeyo zinamuyendera bwino, linali phewa. Likanakhala mutu kapena msana, kunyamula wodwala pandege kapena kubweretsa maliro kuchokera kunja ndi ndalama yoti banja wamba limagulitsa munda ndi nyumba.

Za pasipoti ndikupempha ndi mtima wonse, musasiye pasipoti yanu ngati chikole kwa munthu wobwereketsa njinga. Musatero olo atakuuzani kuti aliyense amasiya. Mpatseni fotokope, mpatseni dipoziti ya ndalama ndipo alembe lisiti, akakana pitani kwa wina, obwereketsa m'malo a alendo amakhala mbwee. Munthu akagwira pasipoti yanu wagwira ulendo wanu wonse, mtengo uliwonse umene angatchule mulipira chifukwa ndege kapena basi sikudikirani. Kwa mwana wa achemwali anga mwini njingayo anawerengera mapulasitiki a mbali yonse, nyali, galasi, ndi masiku amene njinga ikhale isakugwira ntchito, zina mwa zokandikazo zinalipo kale koma umboni analibe. Ine monga makanika ndinaona zithunzi zake, ndikudziwa kuti mtengo umene analipira unali woposa kuwonongekako, koma nanga akanatani. Komanso ife Amalawi tikudziwa kuvuta kwa kabuku kameneka, tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata anthu n'kumagona pamzere. Ku Tanzania bola, ofesi ya kazembe wathu ili ku Dar es Salaam. Koma mukakhala ku Phuket ku Thailand kapena ku Bali ku Indonesia, akazembe athu a chigawo chimenecho ali ku Beijing, ku Tokyo ndi ku New Delhi, kutali zedi, simungangodzuka n'kukagogoda.

Ngati layisensi muli nayo, njinga mumaidziwa, ndipo mwatsimikiza kubwereka, chonde iwoneni kaye njingayo ngati mukuigula. Yatsani kamera ya foni mwini wake ali pomwepo, zungulirani pang'onopang'ono, onetsani paliponse pokandika, pansi pa mapulasitiki, ekizozi, magalasi, nambala puleti, geji ya mafuta, nkhope yakenso ilowemo. Kenako gwadani muone matayala. Tayala lotha limaoneka losalala pakati, lina limakhala ndi timing'alu m'mbali chifukwa chokhalitsa padzuwa ndi mphepo ya mchere ya kunyanja yaikulu, limenelo mvula ikangowaza muli pansi. Finyani buleki iliyonse payokha uku mukukankha njinga, ngati chogwirira chikufika mpaka kukhudza labala ya chiwongolero ndiye kuti buleki yatha. Gwirani buleki yakutsogolo n'kugwedeza njinga kutsogolo ndi kumbuyo, mukamva kuti khokhokho pakhosi pa foloko ndiye kuti mabeyaling'i ndi otha, pa liwiro imayamba kuvina. Yesani nyali, maindiketa, hutala, ndi nyali yofiira ya buleki. Funsani mapepala a njingayo ndi inshulansi yake, ndipo funsani momveka kuti ikabedwa alipira ndani, chifukwa nthawi zambiri yankho ndi inuyo, mtengo wa njinga yatsopano. Zonsezi sizitenga nthawi, koma anthu amachita manyazi, amaona ngati akumunyoza mwini wake. Manyazi amenewo ndi odula.

Kumbali ya msewu, Tanzania, Kenya, Mozambique, South Africa, Thailand, Indonesia ndi India amayenda kumanzere ngati ife, izi zimathandizako. Koma Rwanda, Ethiopia, Vietnam, China ndi Dubai amayenda kumanja, ndipo pa njinga palibe chiwongolero cha mbali imodzi chokukumbutsani ngati m'galimoto, mukatuluka pa filing'i kapena pa raundabauti thupi limangobwerera kumanzere lokha. Olo kumene amayenda kumanzereko, chikhalidwe cha pamsewu ndi china. Kuno ndikamachoka pa Kamuzu Road kulowera ku Kaphatenga ndimadziwa pamene mbuzi zimadumphira, ndimadziwa pamene tala anadyeka m'mbali pa M5, ndimadziwa kuti minibasi ikaona pasenjala imaima paliponse. Kudziwa kumeneku ndi kumene kumatisunga, ndipo sikukwera nawo ndege. Usiku musayende n'komwe. Mowa ndiye ndisachite kunena, tchuthi cha kunyanja ndi botolo zimayendera limodzi, mukamwa siyani njinga pomwepo mukwere bajaji, kanjinga ka matayala atatu kaja.

Lipoti la World Health Organization la 2018 linaika Thailand pa imfa za pamsewu 32.7 mwa anthu 100,000 aliwonse, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi a omwalirawo anali a pa njinga zamoto. Amenewo ambiri ndi eni dziko, oti anakulira pa sikuta. Malawi mu lipoti lomwelo inali pa 31, nde sitinganene kuti zimenezi ndi zachilendo kwa ife, aliyense pano pa Salima akudziwa banja limene linataya mwana pa kabaza, ndipo ovulala kwambiri amathamangira nawo ku Lilongwe pa M14 kukafika ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha mafupa cha LION chija anatsegula mu 2023. Bungwe la World Health Organization lomwelo limanena kuti chipewa chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa koposa kasanu ndi kamodzi, ndi kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Koma mawu ndi akuti chabwino. Zipewa zambiri zimene amapereka obwereketsa ndi zigoba chabe, mkati thovu linatha, lamba wake chomangira chinathyoka, munthu akangogwa chipewa chimauluka mutu usanafike pansi. Chivaleni, mangani lamba pansi pa chibwano moti pangolowa zala ziwiri, pukusani mutu, chikamagwedera pemphani china, ngati palibe kaguleni chanu mushopu, mtengo wake sungafanane ndi sikani ya mutu. Wokwera kumbuyo nayenso chake. Ndipo valani nsapato zotseka ndi jinzi olo kutenthe bwanji, ife a ku Salima kutentha timakudziwa, sikunaphepo munthu pa njinga koma tala amasenda nyama mpaka fupa kuonekera.

A Mkonzi, nkhaniyi ili ndi mbali inanso imene ikutikhudza ife eni nyanja. Kwa mzungu kapena mlendo wa ku Zambia amene wabwera ku Senga Bay, kunja kwake ndi kuno. Ndimawaona anyamata athu a kabaza, mlendo akawaonetsa ndalama yoposa imene amapeza tsiku lonse amangotsika n'kumupatsa makiyi kuti azungulire yekha, mwina akufuna akaone ku Lifuwu kapena kumalo osungirako nyama a Kuti, ena mpaka amalakalaka kukafika ku Nkhotakota. Mnyamatayo njinga si yake, ndi ya bwana amene amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, mwina ilibe nambala, ilibe inshulansi, chipewa n'chimodzi chosweka. Mlendo uja akakagwa pamchenga wa njira za kunyanjazi, kapena Mulungu aletse akagunda mwana wa sukulu, mlandu umagwera mnyamata wosaukayo ndi bwana wake, mlendo akalandira thandizo amakwera ndege. Njinga zotere zafikapo pa shedi yanga, mnyamata akulira kuti bambo ndikonzereni pangongole abwana asadziwe. Ndimawauza kuti ana anga, mlendo mnyamuleni nokha, muzimudikira, muzimuonetsa malo, ndalama yomweyo mupeza ndipo njinga ili m'manja mwanu. Ku Bali zinafika poti mu Malichi 2023 bwanamkubwa wa chilumbacho, a Wayan Koster, analengeza maganizo oletsa alendo kubwereka njinga zamoto chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi ndi kuphwanya malamulo. Ife tisadikire kufika pamenepo. Eni malo ogona alendo ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota akhale pansi ndi atsogoleri a masiteji a kabaza ndi apolisi a pamsewu, agwirizane kuti wobwereketsa njinga kwa mlendo akhale wodziwika, njinga ikhale ya mapepala, zipewa ziwiri, ndipo mlendo aonetse layisensi ya njinga.

Pempho langa lina likupita kwa amene amagulitsa matikiti ndi kukonza maulendo a ku Zanzibar ndi kwina, amene zotsatsa zawo zadzaza pa Facebook. Mumalemba za hotela, za boti, za chakudya cham'mawa, lembaniponso mzere umodzi woti amene akufuna kukakwera njinga akhale ndi Code A1 kapena A ndipo aone ngati inshulansi yake ikuvomereza. A Road Traffic nawonso pamene munthu akudzatenga International Driving Permit amuuze poyera kuti bwana, apa palibe njinga. Ndipo mabungwe amene amatumiza antchito awo kumisonkhano kunja awauziretu, chifukwa ambiri amaganiza kuti inshulansi ya kuntchito imafika mpaka pa masiku owonjezera aja.

Kwa amene ali ndi ulendo chaka chino ndipo mtima uli pa sikuta, nthawi ilipo, pitani ku sukulu yoyendetsa mukaphunzire njinga konkuno, mukayesedwe, Code ya njinga ilowe pa khadi lanu, mupeze mnzanu amene ali ndi sikuta muizolowere pabwalo la mpira. Ngati zimenezi zakukanikani, kumene mukupitako kuli ma bajaji, ma daladala, ma tuk-tuk ndi matakisi oitana pafoni, ndipo mukakhala anayi n'kugawana mtengo wa galimoto imodzi ndalama yake siisiyana kwambiri ndi ya masikuta awiri ndi petulo wake.

Ndine wanu,
Makanika wa njinga zamoto,
Kamuzu Road, Salima